Kugona Pamwamba pa Galimoto

Ana amene akhala pafupi ndi mseu waukuru wa ku Chipata aona kawirikawiri magalimoto a alendo atasenza mtolo waukuru wokutidwa ndi nsaru yocindikala pa denga. Ena ayesa kuti ndi katundu wa malonda, koma m'mtolomo muli nyumba yogonamo. Ndiyo tenti, imene m'Buku Lopatulika ichedwa hema. Tenti imeneyi saimanga pansi ai. Aimanga pamwamba pa galimoto, ndipo munthu akwerako ndi makwerero pokagona.

Ambiri a alendowo ali pa ulendo wa ku Mfuwe, m'dziko la Akunda, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kucokera ku Chipata. Kumeneko kuli malo osungiramo nyama za m'chire, amene Boma linawapatula m'caka ca 1938, ndipo m'caka ca 1972 anachedwa South Luangwa National Park. M'caka ca 1950 Bwana Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kumanga msasa wa alendo ofuna kuona nyama ndi maso osazipha, kuti ndalama zace zithandize anthu a mfumuyo. Lero misasa yotere iri yambiri m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo yocuruka iribe mpanda. Njobvu ndi mvuu zipita pakati pa matenti usiku monga zifunira.

Nzeru ya kugona pamwamba si yacilendo kwa ife. Cimanga cikayamba kukhwima, atate athu amanga nsanja pakati pa munda, nagona pamenepo kulinda nguluwe ndi njobvu. Khola la mbuzi alimanga pa mitengo kuopa fisi, ndipo nkhokwe aikweza kuopa cinyontho ndi ciswe. Tenti ya pa galimoto ndiyo nsanja yomweyo, koma iyi iyenda pamodzi ndi mwini wace. Anthu a ku Italy anayamba kugulitsa matenti otere ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo tsopano ambiri apangidwa ku South Africa.

Mapangidwe ace ali otere. Pansi pali matabwa awiri olumikizidwa monga cikuto ca buku, ndipo pakati pao apindirapo nsaru ya tenti, mizati yopepuka ndi matiresi. Mlendo akafika pa msasa acotsa cokutira, nakoka makwerero. Pamenepo matabwa aja atseguka monga buku, ndipo tenti iimirira yokha. Thabwa limodzi litsala pa denga, linzace lituruka kunja ndi kutsamira pa makwerero. Kulemera kwace kufanana ndi thumba la cimanga la makilogalamu 50, kapena kuposapo, cifukwa cace denga liyenera kukhala ndi zitsulo zolimba zoisenza.

Munthu woyamba kumene kugona m'chire apeza thandizo lalikuru m'tenti yotere. Coyamba, sabvutika ndi zingwe ndi zikhomo. Dothi lakuda la ku cigwa ca Luangwa liuma gwa m'cirimwe, ndipo likhala lokumbikakumbika ndi mapazi a njobvu ndi mvuu. Amene sanazolowere angathe kukhoma zikhomo kufikira mdima, koma tenti ya pamwamba itseguka pa mphindi zowerengeka.

Caciwiri, munthu agona kutali ndi zokwawa. Zinkhanira ndi njoka ziyenda pansi usiku, ndipo linthumbu likalowa m'zofunda palibe angagonenso. Fisi nayenso azungulira misasa kufuna mafupa, nanunkhiza ciri conse ciri pansi.

Cacitatu, mvula ikagwa madzi ayenda pansi pa galimoto, zofunda nizikhala zouma. Ndiponso cigwa ca Luangwa ciri pansi kuposa Chipata, ndipo citentha kwambiri. M'mwezi wa October kutentha kufika madigiri 40. Pamwamba pamapita kamphepo, ndipo mazenera a tenti ali ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, wolowetsa mphepo ndi kutsekereza udzudzu wopatsa malungo.

Cacinai, mtima ukhala pansi. Usiku woyamba m'chire uli woopsa kwa ali yense, pakuti mkango ukabangula patali umveka ngati uli pafupi. Munthu wogona pamwamba aona zonse zomzinga, ndipo tulo tibwera msanga. Kukaca aona mtsinje ndi mvuu zirikubwerera m'madzi, iye asanatsike n'komwe.

Koma tisanyengedwe ndi kuyesa kuti wogona pamwamba sangaone tsoka. Denga la galimoto litalika ngati mamita 2, pamene njobvu yamphongo ipitirira mamita 3. Cimene cimsunga munthu ndico kusunga malamulo a m'chire, monga mlonda wa pa nsanja adziwa nthawi yoomba cithini ndi nthawi yokhala cete.

Galimoto aliimike pa malo osalala, kuti ogona asakunkhunikire mbali imodzi. Asaliimike pa njira ya mvuu, pakuti mvuu ituruka m'madzi usiku kukadya udzu, ndipo ikwiya ikapeza cinthu pakati pa iyo ndi mtsinje. Asaliimikenso patsinde pa mvunguti, cifukwa zipatso zace ziri zolemera ndipo zigwa mosayembekezeka. M'tenti asasungemo cakudya, makamaka malalanje ndi mango, pakuti njobvu imva pfungo lace kutali. Nsapato azikweze pamwamba, kuti fisi asazitenge ndi cinkhanira cisalowemo. Moto auzime asanakwere. Akafuna kutsika usiku, ayambe waunika ndi toci mbali zonse, natsike atayang'ana ku makwerero, manja onse awiri atagwira. Njobvu ikafika pafupi, akhale cete m'tenti kufikira itapita. Koposa zonse, pofika afunse alonda a pa msasa kumene nyama zimapita, pakuti akuru anati, safunsa anadya phula.

Tenti yotere iri ndi zobvuta zace. Mtengo wace uli waukuru, ndipo ifunanso galimoto lolimba. Mwini wace akafuna kukaona nyama m'mawa ayenera kuyamba waipinda, pamene mnzace wa tenti ya pansi angoisiya ndi kupita. Katundu wa pa denga apendamitsa galimoto pa malo okhota, motero woyendetsa afunika kuyenda pang'onopang'ono potsikira ku cigwa. Okalamba ndi ana ang'ono abvutika ndi makwerero, ndipo asamakwere popanda wowagwira.

Ena mwa inu mudzagwira nchito ku Mfuwe, kuyendetsa magalimoto kapena kutsogolera alendo. Ena mudzapitako ndi aphunzitsi anu kukaona nyamalikiti wa mtundu umene upezeka m'cigwa ca Luangwa mokha. Enanso mudzalinda munda wa atate anu pa nsanja. Tsiku lina mlendo wocokera kutali adzakufunsani poimika galimoto lace, ndipo moyo wace udzadalira yankho lanu. Pamenepo muyambe mwayang'ana pansi ngati pali mapazi a mvuu, muyang'anenso kumwamba kuona mtengo umene ulipo, ndipo mukatero mumuonetse malo.

Mafunso

1. Kodi tenti ya pa galimoto ifanana bwanji ndi nsanja ya kumunda?
2. Chulani zinthu zinai zimene zithandiza munthu woyamba kumene kugona m'chire akagona pamwamba.
3. N'cifukwa ciani sikuli bwino kusunga malalanje m'tenti?
4. Funsani akuru kwanu mmene amangira nsanja, ndipo mulembe mitengo imene asankha ndi cifukwa cace.