Kodi Wodwala Chifuwa Chachikulu Angapatsire Anzake Liti?

Tiyeni lero tilingalire pamodzi funso limene limasautsa mabanja ambiri. Munthu akapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB, tingadziwe bwanji ngati angapatsire anzake? Funsoli n'lofunika, pakuti mantha achititsa kuti odwala ena asalidwe popanda chifukwa, pamene kusasamala kwadwalitsa ana m'makomo.

Kachilombo ka nthendayi, kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882, kamayenda mumpweya wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kuyankhula kapena kuimba. Sikafala popatsana moni wa m'manja kapena podyera mbale imodzi. Choncho achipatala amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba, nthendayo ili pati? Ya m'mapapo kapena ya pakholingo ndiyo imafala. Ya m'mafupa kapena m'impso kawirikawiri siifala. Munthu amene kachilombo kangogona m'thupi mwake, osamudwalitsa, sangapatsire aliyense.

Chachiwiri, m'makhololo muli zotani? Tizilombo tikaoneka tambiri, ndiponso X-ray ikasonyeza mphako m'mapapo, ngozi ndi yaikulu. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amayeza makhololo m'maola osapitirira 2, n'kusonyezanso ngati kachilomboko sikamva mankhwala a rifampicin. Ana aang'ono sapatsira ena kawirikawiri, chifukwa amakhala ndi tizilombo tochepa.

Chachitatu, kodi wayamba kumwa mankhwala? Amene akumwa mankhwala oyenera mosadumphitsa, mphamvu yopatsira ena imachepa msanga, nthawi zambiri pomakwana masabata 2, ngakhale kuti ayenera kupitiriza kwa miyezi 6. TB yosamva mankhwala imafuna kusamala kwa nthawi yaitali, monga adokotala angalangizire.

Chachinayi, amakhala kuti, ndipo ndi yani? M'chipinda chogonamo anthu ambiri, m'ndende, m'migodi, m'minibasi kapena mumsonkhano wotseka mazenera, mpweya umangozungulira pomwepo. Amene ali pangozi koposa ndi ana osakwana zaka 5 ndi anthu amene ali ndi HIV.

Taonani tsono, abale ndi alongo: woopsa kwenikweni si mbale wathu amene akumwa mankhwala, koma amene akutsokomola masabata ndi masabata osakayezetsa. Oteroyo tisamunyoze; timuperekeze kuchipatala, a m'nyumba mwake akayezetsenso, ndipo titsegule mazenera. Pajatu mutu umodzi susenza denga.