Makina Afika, Koma Awagwira Ndani?

Inu makolo a ku Phalombe, a ku Migowi, a ku Chiringa ndi a m'tsinde mwa phiri la Michesi, tamverani nkhani ya ana athu.

M'chaka cha 2023 boma linayamba ntchito yochedwa BEFIT, ndiyo ya kupereka timakina ta m'manja, matabuleti, m'sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aphunzirepo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Timakinato tilandira mphamvu kuchokera ku dzuwa, chotero tingathe kulowa ngakhale kumene mawaya a ESCOM sanafike. Pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 za dziko lino, ngati 11 zokha ziunikira ndi magetsi. Ku sekondale nako kuli phunziro la kompyuta, lolembedwa pa mayeso a MSCE.

Zonsezi tikondwera nazo. Koma ife poyendera midzi tinaona chinthu chotidetsa mtima. Pa sukulu ina ana asanu anazinga kompyuta imodzi. Mnyamata wamkulu anaigwira kuyambira polowa kufikira kulira kwa belu. Atsikana awiri anaimirira kumbuyo, nalemba m'kope zimene zala za mnzawo zinali kuchita. Ndipo mmodzi wa iwo anali atafika mochedwa, diresi liri lonyowa ndi madzi a ku mjigo. Mnyamata wina wogontha anangoyang'ana milomo ya mphunzitsi, naitaya pomwe mphunzitsiyo anatembenukira ku bolodi. Mphunzitsi sanali munthu woipa ai. Anangokondwera ndi iye woyankha msanga, monga tichita tonsefe. Koma kompyuta iri ngati khasu: palibe anaphunzira kulima pakuonerera.

Tsono tipempha aphunzitsi kuti alembe maina, ndi kuti mwana aliyense akhale ndi nthawi yake pa makina, wochedwa kumva pamodzi ndi wofulumira. Wogontha akhale patsogolo. Kwa wosaona alipo mapulogalamu owerenga mokweza mau olembedwa. Ndipo aphunzitsi odziwa kuthandiza ana otere aphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, si kutali kwenikweni ndi kwathu kuno.

Nanga inu a kunyumba? Alipo ena anena kuti makina ndi za amuna. Kodi sanamve za Mai Rachel Sibande, Mmalawi mnzathu, amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, kumene atsikana aphunzitsidwa kulemba mapulogalamu a kompyuta? Mtsikana wotunga madzi, kusesa ndi kutsuka mbale yekha m'mawa, mlongo wake ali m'tulo, adzapeza mpando wa pa makina utatengedwa kale. Mnyamatayo anyamule chigubu nayenso, sadzathyoka.

Ndipo madzulo mwana akabwera, musamfunse kuti, "Kodi makina wawaona?" pakuti adzavomera ndithu. Mumfunse kuti, "Kodi lero wawagwira ndi zala zako?" Akati iai masiku atatu otsatana, pitani mukaonane ndi komiti ya sukulu.