Printa ya mu Ofesi ndi Ntchito Yodinda Masikipa

Ena mwa inu amene munaphunzira pano mwatifunsa ngati n'kwanzeru kutenga ndalama za mtedza ndi soya n'kugula printa, kuti muzidinda masikipa a makwaya, a Pathfinder ndi a makopaletivu pamene ntchito yakumunda yachepa. Njira imeneyi imatchedwa DTF: chithunzi chimadindidwa pa filimu ya pulasitiki, kenaka n'kumatidwa pa nsalu ndi makina otentha.

Si printa iliyonse imene ingasinthidwe. Za laser sizigwira ntchitoyi, ndipo zambiri za HP ndi Canon zimatulutsa inki poitenthetsa. Zoyenera ndi za Epson, zimene mutu wake umafinya inki osaiwiritsa, makamaka za matanki 6 monga L805 ya A4 ndi L1800 ya A3. Matanki anayi amatenga mitundu yanthawi zonse, awiri otsalawo amathiridwa inki yoyera, pakuti popanda yoyera chithunzi chimazimirira pa nsalu yakuda. Timawilo tamano timene timatulutsa pepala timachotsedwa kuti tisakande inki yaiwisi. Pakompyuta pafunika pulogalamu ya RIP, imene imatembenuza chithunzi ndi kulamula kuti mitundu iyambe, yoyera ibwere pamwamba. Mukangotero, waranti yatha.

Filimu ikatuluka mumaiwaza ufa wa guluu, mumausungunula mu uvuni waung'ono, ndipo mumapanikiza filimuyo pa sikipa masekondi 10 mpaka 15, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 160. Utsi wa guluuyo si wopuma. Mawindo akhale otsegula, ndipo uvuniwo usadzaphikirenso buledi.

Vuto lenileni ndi inki yoyera. Muli titanium dioxide, ufa wolemera umene umadikha pansi. Aliyense amene anapoperapo tomato ndi mankhwala a kopa akudziwa chimene chimachitika sipuleya ikaima osakhutchumula: nozo imatseka. Mutu wa printa uli ndi timabowo tating'ono kwambiri kuposa nozo, ndipo sutokosoledwa ndi waya. Ukatseka, watsopano amadya gawo lalikulu la mtengo wa printa yonse. Choncho inkiyo iyenera kukhutchumulidwa ndi kuyendetsedwa tsiku ndi tsiku. Kupuma kwa Sabata sikuwononga kanthu, malinga mwaitsuka Lamlungu m'mawa. Choopsa ndi Disembala ndi Januwale, pamene mwiniwake ali kubzala ndi kupalira, printa ili chiimire milungu itatu. Onjezanipo fumbi ndi mpweya wouma wa Okutobala kuno ku Chipata, ndiponso kuzimazima kwa malaiti a ZESCO, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Ife tikuona kuti mlimi ayambe ndi makina opanikizira okha, azitumiza zithunzi kwa odinda filimu ku Lusaka, filimu yodindidwa kale izibwera pa basi. Printa aigule akakhala ndi maoda a mlungu uliwonse, ndiponso munthu pakhomo woti aziiyendetsa iye ali kudimba.