Ndalama Zikacepa, Tisayambe ndi Kudula Ndiwo

Mwezi ukapitirira pakati, m'nyumba zambiri za m'makomboni a Lusaka, Chipata, Katete ndi Petauke thumba la unga limakhala litafika pansi, malipiro akali kutali, ndipo amai amayamba kutuma mwana ku kantemba kukagula pamela wa tsiku limodzi. Pa nthawi yotere cinthu coyamba kucepa pamphasa ndi ndiwo. Timati malinga nsima ilipo, ana agona. Kugona agonadi, koma kodi akula?

Ife a Zambia unga timaulemekeza, ndipo cifukwa cake cilipo. Mtengo wake utakwera mu December 1986 kunabuka zipolowe ku Copperbelt, ndipo mu June 1990 zinabukanso mu Lusaka. Mu February 2024 boma linalengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, pakuti pafupifupi theka la minda ya cimanga inapserera. Njala ya nsima imamveka msanga. Njala ya ndiwo ilibe phokoso, koma zipsera zake zikhalitsa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Kupinimbira kumayambira m'mimba mwa mai kufikira mwana atakwana zaka 2, ndipo pambuyo pake nkobvuta kukonza. Kumakhudza msinkhu, kumakhudzanso nzeru za mwana akadzalowa sukulu. Akulu anati m'mera m'poyamba.

Zimene thupi lifuna

Ku sikelo ya ana anamwino amatiphunzitsa kuti thupi lifuna zakudya zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Nsima, kandolo, cinangwa ndi mpunga zipatsa mphamvu. Nyemba, nshawa, soya, kapenta, mazira ndi nyama zimanga thupi. Masamba ndi zipatso ziteteza. Cimanga naco cili ndi zomanga thupi pang'ono, koma nzosakwanira, ndipo zimene cisowa zipezeka mu nyemba ndi soya. Ndico cifukwa cake nsima ya nyemba ikulitsa mwana kuposa nsima ya supu wa matimati yekha. Lamulo lake nlapafupi kukumbukira: pambali pa nsima pakhale comanga thupi cimodzi ndi masamba, ngakhale zikhale zocepa.

Unga umene tisankha

Mabanja ambiri amacita manyazi kugula roller meal, poganiza kuti breakfast ndiye unga wa anthu olemekezeka. Coonadi ncakuti breakfast amayera cifukwa gaga ndi kamtima ka cimanga zacotsedwa, ndipo m'menemo ndimo mukhala mafuta ndi mavitamini ambiri. Roller meal ndi mgaiwa wa ku cigayo ndi otsika mtengo, akhalitsa m'mimba, ndipo apindulitsa thupi koposa. Kucokera mu 2012 m'dziko lino mulinso mbeu za cimanga ca mtundu wa olenji, cimene cili ndi vitamini A wothandiza maso ndi citetezo ca thupi.

Koma kuchipa kwina nkoopsa. Cimanga ndi nshawa zimene zagwira cuku zimakhala ndi poizoni wochedwa aflatoxin, amene aononga ciwindi ndipo satha ngakhale tiphike bwanji. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unacenjeza anthu poizoni ameneyu atapezeka mu unga wina wa m'masitolo. Nshawa zofota, zakuda ndi zowawa tizisankha ndi kutaya, tisazisinje kuti zibisale mu ndiwo.

Ndiwo zomanga thupi

Kapenta, kaya wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga, timamudya wathunthu, mutu ndi minga, ndipo mingayo ilimbitsa mafupa ndi mano. Akakwera mtengo, kadzanja kamodzi tingakakazinge popanda mafuta, nkukasinja mu mtondo, ufa wakewo nkumathira supuni imodzi mu phala la mwana kapena mu masamba. Motero kapenta amene akadatha pa cakudya cimodzi afika masiku angapo.

Nsinjiro za nshawa zigwira nchito ziwiri: zimanga thupi, ndipo zilowa m'malo mwa saladi, amene adya ndalama zambiri. Mkhwani wotendera sufuna dontho la mafuta. Soya naye ndi nyama ya munthu wosauka, koma sadyedwa wosapsa cifukwa abvuta m'mimba. Timuthire m'madzi owira kale, awire mphindi 30, timuyanike, kenaka tipite naye ku cigayo. Vinkubala, inswa ndi mbewa, pa nyengo yake, siziyenera kunyozedwa, pakuti zimanga thupi monga nyama ya ku buchala. Dzira limodzi lomenyedwa mu matimati ndi masamba likwanira ana awiri kapena atatu.

Masamba a makolo athu

Mkhwani, umene a m'tauni amati cibwabwa, kholowa kapena kuti kalembula, bonongwe, citambe, luni ndi cigwada ali ndi zoteteza thupi zambiri kuposa kabichi. Ena a iwo amera okha pa nyengo ya mvula. Cimene cimaononga phindu lao ndi kaphikidwe. Titsuke masamba tisanadule, tiphike ndi madzi pang'ono kwa nthawi yocepa, ndipo msuzi wake tisataye. Soda afewetsa masamba msanga koma apha mavitamini ena, motero asakhale wa masiku onse. Cigwada cokha ndico cifuna kusinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira, cifukwa masamba a cinangwa osapsa ali ndi ululu.

Masamba akaculuka mu January ndi February tikumbukire mfutso. Tiwafutse pang'ono m'madzi owira, tiwayanike pamthunzi podutsa mphepo, ndi kuwasunga mouma kuti adzatithandize mu September ndi October. Amene alibe dimba angadzaze dothi ndi manyowa m'thumba lakale la unga, nkuboola m'mbali, nkubzalamo repu kapena kalembula pakhonde.

Mango, magwafa, masuku, mapapaya ndi malambe zithandiza thupi kutenga ayironi, copanga magazi, mu nyemba ndi masamba. Tiyi acita zosiyana, alepheretsa, motero ndi bwino kumwa tiyi patapita nthawi titadya.

Kusunga makala

Mabanja ena analeka nyemba cifukwa zitha makala. Nyemba zobviikidwa m'madzi usiku wonse zipsa msanga. Palinso njira ya dengu. Nyemba zobviikazo ziwire kwambiri pambaula kwa mphindi 30, kenaka poto wobvundikira bwino timukulunge m'bulangeti lakale, timuike m'dengu kapena m'katoni, ndi kumusiya maola 3 kapena 4. Kutentha kumene kwatsekeredwa kumaliza nchito, ndipo cotsala ndi kuwiritsanso pang'ono pothira mcere ndi matimati. Mbaula yoyaka isalowe m'nyumba yotseka mazenera, pakuti mpweya wa makala upha anthu ali m'tulo.

Kagulidwe

Mwezi ndi mwezi bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection limafalitsa mtengo wa zofunika pa moyo wa banja m'matauni a dziko lino, ndipo kwa zaka zambiri laonetsa kuti malipiro a anchito ambiri safikapo. Bvuto limenelo si la amai a kukhichini, ndipo tisaleke kulilankhula kwa atsogoleri. Komabe ndalama zocepazo zili ndi poyambira. Pamela aoneka wochipa, koma tikawerengera pa kilogalamu, wogula pamela alipira zambiri kuposa wogula thumba. Cimodzimodzi saladi wa m'timapulasitiki ndi makala a pa mulu. Mutu umodzi susenza denga: mabanja atatu kapena anai a mu mphakati umodzi angasonkhe, nkutuma mmodzi ku msika waukulu monga Soweto m'mamawa, nkudzagawana thumba la unga, meda ya nyemba ndi kapenta. Nyemba ndi nshawa zitsika mtengo pa nthawi yokolola, mu May ndi June, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yogula zosunga. Kwa alimi tikuti: musagulitse nshawa ndi soya yense kwa ogula oyenda m'midzi, kuti mudzagulenso pa mtengo wokwera mu December.

Tionenso ndalama zimene zituluka mwakacetecete. Zakumwa za m'mabotolo ndi tokhwasula-khwasula ta m'mapaketi tikhutitsa mwana popanda kummanga. Thobwa, kandolo wophika ndi nshawa zokazinga ndi kamba wabwino wa ku sukulu. Inunso atate, nkhaniyi njanu. Ndalama ya mabotolo awiri a mowa ingagule mazira a ana. Khalani pansi ndi amai kumayambiriro kwa mwezi, mulembe pamodzi zogula, ndipo za mphika zipatulidwe poyamba.

Kagawidwe pamphasa

Cakudya cingakhale cabwino, koma wofunika kwambiri nkusacilandira. Mwambo wopatsa atate nthuli zonse, ana nkutsala ndi msuzi, uyenera kuunikidwanso, pakuti amene akali kukula ndi mwana. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, cifukwa podyera pamodzi akulu amamposa liwiro. Mimba yake njaing'ono, motero adye kanai kapena kasanu pa tsiku. Miyezi 6 yoyamba bere lokha likwanira. Pambuyo pake, uku akuyamwabe kufikira zaka 2, alandire phala lolimba, losati lamadzi: makapu 4 a mgaiwa osakaniza ndi kapu 1 ya ufa wa soya kapena nsinjiro, nkumatapako pophika. Amai apakati ndi oyamwitsa asamanidwe mazira cifukwa ca zikhulupiriro zakale, pakuti dzira silibvulaza mwana wa m'mimba.

Cakudya cogona titenthetse mpaka citawira, ndipo posamba m'manja tithirirane madzi m'malo mosambira m'beseni limodzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unationetsa kuti mtengo wa matenda uposa wa sopo.

Sitinena kuti banja lisinthe zonse tsiku limodzi. Sabata lino tisankhe cimodzi: kubviika nyemba usiku, kusinja kapenta wa phala, kapena kupatsa wamng'ono mbale yake. Ndipo pa msonkhano wa mphakati ukubwerawu, agogo amene adziwa kufutsa masamba ndi kufulula thobwa apatsidwe mpata wophunzitsa acitsikana ndi anyamata amene adzaphikira mabanja a mawa.