Piyano yokhala m'laputopu: mawu ake amachokera kuti?

Mverani nyimbo zauzimu zimene zikuulutsidwa pa wailesi masiku ano, kapena amapiano amene akugunda m'minibasi, mumva piyano ikulira pansi pa mawu a woimba. Koma m'situdiyo zambiri momwe nyimbozi zimajambulidwa mulibe chibokosi chamatabwa chokhala ndi nsambo. Muli laputopu, masipika awiri, maiki ndi kakiyibodi kosalira pakokha. Piyanoyo ili m'kati mwa pulogalamu monga FL Studio, Cubase kapena Logic Pro. Ambiri amaganiza kuti kompyuta imangopeka mawuwo, koma kawirikawiri si choncho. Mawuwo analiradi tsiku lina pa piyano yeniyeni, m'chipinda china kutali, wina n'kuwajambula limodzilimodzi ndi kuwasunga.

Kuti timvetse ntchito imeneyi, tiyambe ndi piyano yeniyeniyo. Anaitulukira ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700. Ya masiku ano ili ndi makiyi 88 ndi nsambo zachitsulo pafupifupi 230, poti makiyi ambiri ali ndi nsambo zitatuzitatu. Mukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya wotsendera kamadumpha, kumenya nsambo, n'kubwerera msanga. Nthawi yomweyo kachinthu kofewa kamene kamatsamira pansamboyo kuti isalire kamanyamuka, ndipo kamabwerera pokhapokha mwachotsa chala. Nsambo ya A imene oimba amachunira zida zawo imanjenjemera ka 440 pa sekondi. Yotsikitsitsa imanjenjemera ka 27.5, yokwera kuposa zonse imapitirira ka 4,000. Kunjenjemeraku kumalowa m'thabwa lalikulu lopyapyala, ndipo thabwalo ndi limene limagwedeza mpweya mpaka kufika m'khutu.

Maiki imasandutsa kugwedezeka kwa mpweyako kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika. Kenako kachipangizo kena kamayeza mphamvuyo mobwerezabwereza n'kulemba manambala. Pa CD, muyesowu umachitika ka 44,100 pa sekondi. Nambalayi ili ndi chifukwa chake. Harry Nyquist mu 1928 ndi Claude Shannon mu 1949 anaonetsa kuti liwu limasungika bwino ngati likuyezedwa mopitirira kawiri kuposa mmene likunjenjemerera. Khutu la mwana wathanzi limamva mpaka ka 20,000 pa sekondi, choncho 44,100 imakwanira ndi kutsalako. Kamawu kojambulidwa motere ndiko opanga nyimbo amakatcha sample.

Wina angaganize kuti kujambula makiyi 88 kamodzikamodzi ndiye kuti ntchito yatha. Apa ndiye pagona nkhani. Munthu akamanong'ona, inu n'kumukwezera voliyumu, samveka ngati akukuwa. Amamvekabe ngati wonong'ona, kungoti mokweza. Piyano nayo ili chimodzimodzi. Kanyundo kakagunda pang'onopang'ono, ubweya uja umakhala wofewa ndipo liwu limatuluka lozizira, lobulungira. Kakagunda mwamphamvu, ubweyawo umapanikizika n'kuuma, ndipo nsambo imatulutsa timawu tambiri tapamwamba tomwe timachititsa liwu kukhala lakuthwa ndi lowala. Kukula kwa liwu ndi kamvekedwe kake zimasinthira pamodzi. N'chifukwa chake ojambula piyano amaliza kiyi imodzi kambirimbiri, kuyambira kukhudza chabe mpaka kumenya ndi mphamvu zonse, ndipo liwu lililonse amalidikira mpaka lizime lokha. Pa nsambo zikuluzikulu za kumanzere kudikirako kumatha kupitirira theka la mphindi, aliyense m'chipindamo ali duu, osasuntha ngakhale mpando. Situdiyo zina zimagwiritsa ntchito makina odina makiyi kuti mphamvu izikhala yoyezedwa bwino.

Chitsanzo chimene aliyense angathe kuchipeza mwaulere pa intaneti ndi Salamander Grand Piano, imene Alexander Holm anajambula pa piyano ya Yamaha C5. Iye sanajambule makiyi onse. Ankajambula imodzi n'kudumpha ziwiri, koma iliyonse pa mphamvu 16 zosiyana. Makiyi odumphidwawo pulogalamu imawapeza pothamangitsa kapena kuchedwetsa pang'ono sample yoyandikana nayo. Mtunda ukakhala waufupi chonchi khutu silizindikira, koma sample imodzi ikakokedwa makiyi ambiri, piyano imayamba kumveka ngati chidole.

Nanga kompyuta imadziwa bwanji sample yoti iseweze? Yankho ndi MIDI, chiyankhulo cha zida zoimbira chimene chinakhazikitsidwa mu 1983, patsogolo pake pali Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan. Mu waya wochokera ku kiyibodi simudutsa mawu ayi. Mumadutsa uthenga waufupi: kiyi yakuti yadinidwa, ndi liwiro lakuti. C wapakati ndi nambala 60. Liwirolo, limene m'situdiyo amati velocity, limawerengedwa mpaka 127. Chala chikatsika mofatsa kiyibodi imatumiza mwina 30, pulogalamu n'kusankha sample yofewa. Chikatsika ngati mphezi imatumiza 120, ndipo imene imalira ndi sample yakuthwa ija.

Ulendo wofika pano sunali waufupi. Mellotron, yopangidwa ku Birmingham ku England kuyambira 1963, inali ndi tepi pansi pa kiyi iliyonse, ndipo tepiyo inkatha pakadutsa masekondi pafupifupi asanu ndi atatu. Mu 1979 Peter Vogel ndi Kim Ryrie a ku Sydney anatulutsa Fairlight CMI, yosunga mawu ngati manambala, koma mtengo wake unali wa olemera okhaokha. Ray Kurzweil, atacheza ndi Stevie Wonder, anatulutsa Kurzweil K250 mu 1984, ndipo piyano yake inadabwitsa oimba. Korg M1 ya 1988 inalongedza mawu ake onse m'mamegabayiti anayi okha. Malo atachepa chonchi, ankasunga chiyambi cha liwu basi, kwinako n'kumabwereza kachidutswa kamodzi mozungulira. Piyano yowuma ya M1 ija inakondedwabe, moti inadzaza nyimbo za house za m'ma 1990. Zinthu zinasintha kampani ya Steinberg ya ku Hamburg italola zida zoimbira kulowa m'pulogalamu kudzera mu VST mu 1999, komanso GigaSampler ya 1998 itayamba kuwerenga masample kuchokera pa hard disk pamene munthu akuimba. Lero piyano imodzi imatha kudya magigabayiti makumi angapo.

Ena mwa malo ambiriwo amathera pa tinthu timene womvera sadziwa n'komwe kuti akutimva. Woimba akaponda pedulo ya kumanja, zogwira nsambo zonse zimanyamuka, ndipo nsambo zomwe sizinamenyedwe zimayamba kulira chapansipansi pomvera zinzake. Akachotsa chala pa kiyi, pamamveka kaphokoso ka ubweya ukutera pa chitsulo. Pali kugogoda kwa thabwa, pali mpweya wa chipindacho. Zambiri mwa izi zimajambulidwa padera. Mukazichotsa, manoti amakhala olondola ndithu, koma khutu limakana kuti imeneyi ndi piyano. Ena anasankha njira ina: Pianoteq, ya kampani ya Modartt ku Toulouse ku France, yotuluka mu 2006, imawerengera ndi masamu mmene nsambo, nyundo ndi thabwa zingachitire, ndiye simafuna malo ambiri.

Kwa ife kuno, luso limeneli ndi mwayi weniweni. Piyano yamatabwa ndi yodula, yolemera makilogalamu mazana angapo, ndipo thabwa lake limafufuma nyengo ya dzinja n'kunyala m'chilimwe, nsambo n'kusokonekera mpaka abwere katswiri wochuna. Ya m'laputopu simva chinyezi. Mavuto ake ndi ena. Lodziwika kwambiri ndi kuchedwa kwa mawu: mwadina kiyi, liwu likubwera m'mbuyo. Kompyuta imakonza mawu m'magulumagulu, ndipo kukula kwa gulu kumatchedwa buffer. Ikakhala pa 1,024 mawu amachedwa mamilisekondi pafupifupi 23, zomwe zala zimamva msanga. Pa 128 amachedwa atatu okha. Mukaitsitsa kwambiri pa laputopu yofooka, mawu amayamba kuthetheka. Nzeru yake ndi kuitsitsa pojambula ndi kuikweza posakaniza nyimbo.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti piyano yojambulidwa mosamala chonchi timaipha tokha. Suzumirani pa sikirini ya mnyamata amene akupanga biti. Makodi wawajambula ndi mausi m'piano roll, timabokosi tobiriwira tondondozana bwinobwino. Tsono yang'anani m'munsi mwake, momwe muli timizere toimirira toonetsa velocity: tonse n'tofanana msinkhu, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiye kuti mwa mphamvu 16 zimene wina anakhalira pansi kujambula, nyimbo yonse ikugwiritsa ntchito imodzi. Manoti onse a kodi akugwa pa kamphindi kamodzi, pomwe zala za munthu sizitera pamodzi chonchi. Pedulo palibe. Akamva kuti piyano yauma, amathamangira kukasaka pulogalamu ina yaikulu, bandulo n'kuthera pomwepo, zotsatira zake n'kukhala zomwezo.

Mankhwala ake safuna ndalama. Noti yonyamula nyimbo, imene nthawi zambiri imakhala pamwamba pa kodi, ipatsidwe mphamvu yoposa zinzake, za pakati zitsitsidwe. Vesi iyambe pa velocity ya m'ma 50 kapena 60 kuti kolasi ikafika pakhale pokwerera. Quantize, chida cha m'pulogalamu chowongola nthawi ya manoti, isakokere noti iliyonse pamzere. Pedulo ya kiyibodi ndi yotchipa poyerekeza ndi zida zina za m'situdiyo, ndipo iyenera kutulidwa nthawi iliyonse kodi ikasintha, apo ayi mawu amasanduka matope. Koposa zonse, ngati kutchalitchi kwanu kuli woimba kiyibodi waluso, muitaneni adzaimbe yekha gawolo, inu mujambule MIDI yake. Asanayambe, onani kaye ngati touch response ya kiyibodiyo ili yoyatsa. Ambiri amaizimitsa kuti mawu azimveka mofanana pa masipika a m'tchalitchi, ndipo ikakhala yozima, kiyibodi imatumiza nambala imodzimodzi ku kompyuta ngakhale woimbayo asinthe mphamvu ya zala zake motani.