Njanji yakonzedwa, nanga sitima ya anthu ili kuti?

Munthu wa m'chigwa cha Domasi akafuna kuona sitima yapamtunda amakwera minibasi pamsewu wa M3, kudutsa Malosa ndi Machinga, nkukatsika ku Liwonde. Kumeneko sadikira nthawi yaitali. Sitima imatulukira cha kumadzulo, ikukoka ngolo zofika 120, nkuoloka Shire kulowera ku Nayuchi. M'ngolo zonsezo muli malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete, opita kudoko la Nacala. Mpando wa munthu mulibe ngakhale umodzi.

Ya mipando ija, imene akuluakulu amangoti sitima ya anthu, ndi ina. Kwa zaka zambiri yakhala ikuoneka mwa apo ndi apo. Imanyamuka ku Limbe kupita ku Balaka, kenako Liwonde ndi Nayuchi, kawirikawiri kamodzi pa sabata, ndipo madzi akakokolola njanji imaima mpaka pamene akonzere. Ana ambiri amene akukulira ku Domasi, Songani ndi Malosa sadayambe aikwerapo. Ena sadziwa nkomwe kuti dziko lawo lili ndi sitima yonyamula anthu.

Zomba ndi njanji sizidayendere limodzi kuyambira kale. Mishoni ya Domasi idakhazikitsidwa mu 1884, njanji isadabwere nkomwe m'dziko muno. Pamene kampani ya Shire Highlands Railway idatsegula njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kufika ku Blantyre mu 1908, cholinga chidali kutulutsa mbewu za m'maesiteti a azungu monga fodya, thonje ndi tiyi, chifukwa madzi a mu Shire adali ataphwera ndipo sitima zapamadzi zinkalephera kukwera mtsinje. Mu 1935 njanjiyo idatalikitsidwa mpaka ku Salima, koma idadzera ku Lunzu, Lirangwe, Utale ndi Balaka. Zomba, ngakhale lidali likulu la dziko mpaka 1975, idatsala pambali.

Komabe anthu a m'chigwachi adaidziwa sitimayo. Chaka chomwecho cha 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka, udatha kumangidwa, ndipo munthu ankatha kukwera ku Limbe nkukafika ku Beira osaoloka mtsinje pabwato. Amuna ambiri opita kukasaka ntchito ku Salisbury adayenda wapansi, koma ena adadzera njira ya sitimayi, kukasinthira ku Dondo pafupi ndi Beira. Sitima yomweyo ndiyo inkawabwezera kwawo atanyamula njinga, makina osokera ndi mabulangete. Ena idawatenga osawabwezanso, aja mabanja adawatcha matchona. Kumpoto kwake, ku Chipoka, njanji inkakumana ndi sitima zapanyanja, ndipo Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, inkayendetsedwa ndi kampani yomwe inkayendetsanso njanjiyo.

Njanji idayandikira kwenikweni mu 1970, boma la Dr Kamuzu Banda litatsegula chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi, cha makilomita pafupifupi 100, cholumikiza Malawi ndi Nacala. Liwonde idapeza siteshoni. Njanjiyi imadutsa pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, dera la mpunga, matemba ndi milamba. Mtsinje wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa yomweyo, choncho alimi ndi ageni a m'chigwachi ndi anthu a msika umodzi ndi a ku Namanja ndi Nayuchi. Mayi wa geni ya nsomba ankatha kukweza madengu ake m'bogi pamtengo umene matola sakanaulola. Sitimayo inkachedwa, inkadzaza, inkaima paliponse, koma wosauka ankakwanitsa tikiti yake. Ichi ndicho chidali chuma chake chachikulu.

Kugwa kwake kudabwera pang'onopang'ono, ndipo sikudachokere kumodzi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa mu 1986. Katundu wa dziko adasamukira pamalole, ndipo ndalama zimene njanji inkapeza zidatsika. Mu 1997 madzi adadula njanji ku Chiromo, Bangula ndi Nsanje nkutsala kutsidya. Mu 1999 boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Sitima ya anthu yopita kumwera idapitirizabe kufika ku Makhanga, mpaka madzi osefukira a mu 2015 adaononga njirayo. Namondwe Freddy, mu 2023, adaonjezera mabala ena.

Chimene chimawawitsa mtima nchakuti njanji ya kum'mawa kuno siidafe ayi. Idatsitsimuka kuposa kale. Kampani ya Vale ya ku Brazil itayamba kukumba malasha ku Moatize, idamanga njanji yatsopano yolowa m'Malawi kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka Nkaya, nkukonzanso chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi kuti chipirire kulemera kwa malasha. Njira yonseyo, ya makilomita 912, idatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan. Tanthauzo lake nlakuti njanji yolimba kwambiri m'dziko muno ndi iyi yodutsa ku Liwonde, yapafupi ndi Domasi. Chovuta chachikulu pobwezeretsa sitima ya anthu, chomwe ndi njanji yeniyeniyo, chidathetsedwa kale ndi ndalama za eni malasha. Chatsala ndi mitu, mabogi ndi masiku odziwika oyendera.

Tisanamizane, sitima ya anthu siibweretsa phindu. M'maiko ambiri imayenda chifukwa boma limaonjezerapo ndalama, monga limachitira ndi sukulu ndi zipatala. Kampani yonyamula malasha ikawerengera, iona kuti ola limene sitima ya anthu yaima pasiteshoni kudikira amayi akweze matumba ndi ola limene ngolo zake zachedwa. Njanjiyo ndi ya mzere umodzi, masitima amapatukirana m'malo owerengeka okha. Kampani payokha siingaike anthu patsogolo. Ndi boma, mwini njanji, limene lili ndi mphamvu yolemba mu mgwirizano kuti sitima ya anthu iziyenda kangati pa sabata, nkuikanso mu bajeti ndalama yothandizira zimenezo. Anzathu a ku Mozambique, panjanji yomweyi yodutsa malasha, ali ndi sitima ya anthu pakati pa Nampula ndi Cuamba, ndipo mu 2016 adatsegulanso njira ya ku Lichinga. Malasha ndi anthu atha kuyenda pa njanji imodzi.

Ndipo kufunika kwa sitima ya anthu lero nkwakukulu kuposa mu 1970. Mafuta agalimoto akhala akusowa mobwerezabwereza. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi ndi kabaza idakwera nayo. Pa minibasi, thumba la mpunga limalipira palokha, nthawi zina ngati munthu. Misewu yambiri yolowera ku Nayuchi ndi yafumbi, ndipo dzinja likafika galimoto zimatitimira. Ku Domasi kuli sukulu ya ukachenjede ya aphunzitsi ya Domasi College of Education komanso Malawi Institute of Education, malo okoka ophunzira ndi aphunzitsi ochokera m'maboma onse. Sitima yodalirika yofika ku Liwonde kuchokera ku Limbe, ndipo tsiku lina kuchokera ku Salima ndi Lilongwe, ikanawapeputsira ulendo. Kumwera ntchito yokonza makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula idayamba, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta idafika ku Marka kuchokera ku Beira patatha zaka zambiri. Ndi nkhani yabwino, koma kumenekonso zimene zimamveka kwambiri ndi za mafuta, feteleza ndi shuga. Za mipando ya anthu zimatchulidwa kumapeto.

Palinso mbiri yoyenera kusamalidwa. Mitu iwiri yoyamba ya nthunzi, Thistle ndi Shamrock, yopangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England, idafika mu 1904 njanji ikumangidwa. Thistle idasungidwa pasiteshoni ya Limbe, Shamrock kumalo osungirako zinthu zakale ku Chichiri. Zitsulo za zaka zoposa 120 zimafuna denga, penti ndi munthu wozifotokoza. Amene adaziyendetsa adapita, ndipo amene adagwira ntchito ku kampani yakale ya njanji ya Malawi Railways akukalamba. Nkhani zawo zikufunika kujambulidwa ndi kulembedwa iwo adakali moyo. Ana asukulu a ku Domasi atakwera sitima ku Liwonde kupita ku Limbe kukaona Thistle, angaphunzire za dziko lawo kuposa zimene buku lingawauze.

Nafenso okhala m'mbali mwa njanji tili ndi mbali yathu. Kuzula zitsulo nkukagulitsa, kulima mpaka m'mphepete mwa njanji ndi kugenda masitima kumapatsa kampani chifukwa chonenera kuti sitima ya anthu ndi mtolo. Mafumu angathe kuthetsa zimenezi m'midzi yawo.

Koma mawu oyamba ayenera kuchokera kwa aphungu a Zomba ndi Machinga. Akafunse Unduna wa za Mtengatenga m'Nyumba ya Malamulo kuti mgwirizano wa njanji umanena chiyani za okwera, kuti mabogi amene akuyenda alipo angati, ndi kuti ndalama yothandizira sitima ya anthu ili pati mu bajeti. Akapemphe sitima yosachepera katatu pa sabata pakati pa Limbe, Liwonde ndi Nayuchi, ya masiku ndi nthawi zolembedwa pasiteshoni ndi kulengezedwa pawailesi. Inu a m'chigwa cha Domasi, phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano, m'funseni za sitimayi.