Maphunziro a Malonda Othandiza Osauka

Amayi anzanga, ambiri mwa ife timayesa kuti munthu wophunzira zamalonda cholinga chake nchimodzi, kudzaza thumba lake. Komatu m'mayunivesite ena kuli maphunziro a mtundu wina. Munthu akatenga digiri yoyamba amabwereranso kukalimbira ina yotchedwa MBA, ndipo ena mwa iwo amasankha kuphunzira kayendetsedwe ka ntchito zothandiza osauka mwa dongosolo la malonda, kuti ntchitoyo isafe opereka thandizo akatopa. Ku Oxford, m'dziko la England, adakhazikitsa nthambi ya maphunziro otere, Skoll Centre, m'chaka cha 2003.

Zipatso za maphunzirowa zidafika ndi kwathu kuno. Andrew Youn wa ku America adali wophunzira pa sukulu ya zamalonda ya Kellogg pamene adakacheza kumadzulo kwa Kenya. Kumeneko adapeza mabanja olima mwakhama, koma nkhokwe zawo zinkatha chimanga chatsopano chisanache. M'chaka cha 2006 adayambitsa bungwe la One Acre Fund ndi mabanja pafupifupi 40. Lero bungweli likugwira ntchito m'maiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi.

Taonani njira yake. Mlimi amalandira mbewu ndi feteleza pa ngongole, ndipo katunduyo amafikitsidwa pafupi ndi mudzi mvula isanagwe. Mlangizi amaphunzitsa alimi m'magulu kabzalidwe koyenera. Ngongole imabwezedwa pang'onopang'ono, ndipo ndalamazo zimathandiza kugula zipangizo za chaka chamawa. Bungweli limaperekanso mbande za mitengo pofuna kuteteza nthaka imene idzadyetsa adzukulu athu.

Nanga phunziro lake nlotani kwa inu a m'magulu a amayi? Chifundo chopanda kaundula sichikhalitsa. Gulu likakongoza ndalama popanda kulemba, kapena likachita manyazi kukumbutsa mayi amene sadabweze, thumba limauma ndipo amene anali kudikira amabwerera manja ali m'khosi. Sankhani msungichuma wokhulupirika. Lembani tambala iliyonse. Werengani kaundulayo pamaso pa onse pa msonkhano uliwonse. Mudziwe kuti mukabweza ngongole yanu mwamugulira mnzanu mbewu.

Ndipo ngati muli ndi mtsikana wokonda masamu, musafulumire kumupereka ku banja. Mulimbikitseni apitirize sukulu, pakuti maphunziro amenewa akufunanso ana aakazi odziwa njala ya mwezi wa February.